Anandilanda thirakitala nditabwera kochira

Omvera anzanga, ndine mayi wa kuno ku Dowa. Ndinkayendetsa thirakitala pa esiteti ina ya fodya, ndipo ntchitoyo ndinkaikonda kwambiri. Nditakhala woyembekezera anandipatsa tchuthi, koma mwanayo anatisiya asanathe ndi mwezi womwe.

Nditabwerera kuntchito ndinapeza makiyi ali ndi bambo wina amene ndinamuphunzitsa ndekha kuyendetsa. Nditafunsa, a kapitawo anati, "Amayi, zitsulozi n'za amuna. Inu muzikasoka fodya m'chigafa, kuti muziyamwitsa bwino."

A kapitawowo sankadziwa n'komwe kuti mwanayo tinaika.

Mpaka lero ndimasoka fodya. Thirakitala ikamadutsa ndimawerama kuti anzanga asaone misozi. Mabwana inu, musanatiganizire zotiyenera, muziyamba mwatifunsa eniakefe.