Matilesi m'Motoka ya Dokotala

Pageti la siteshoni ya mabasi ya Intercity, mayi wachikulire amene anali atangotsika basi ya ku Petauke anakhala pachikwama chake atagwira m'chiuno. Pambali pake panaima mnyamata wovala tayi. Galimoto yofiira, yaifupi ngati ikukwawa pansi, inadutsa ikubangula.

"Mwaiona ija, amami? Ine nikanakhala dokotala, nikanagula yamene ija. Koma madokotala ni oumila, onse ma Toyota yakale."

"Ili na mipando ingati?"

"Iwili chabe."

"Nanga wodwala agona pati? Womudwazika ankhala pati?"

"Si ambulansi ija, amami."

"Mwana wanga Thandazani ni dokotala. Ali pasukulu anamata chithunzi cha motoka monga ija pachipupa. Atayamba nchito, aliyense wodwala pachibale anayamba kutumila iye foni, a ku Kabwata, a ku Chelstone, na ise akumunzi. Atate ake atadwala, sanali kukwanisa kunkhala tsonga. Mwana anagula chimotoka chachitali, anachosa mipando yakumbuyo, n'kuyalamo matilesi."

"Anachila atate?"

"Tinaika chaka chatha."

"Pepani, amami. Koma manje angagule ya kumtima kwake."

"Ninamuuza choncho pamalilo. Anangoniyang'ana mwamene ninali kuyendela, ati, 'Amama, tiyeni tiyembekeze.' Maso ya dokotala, ungayabisile chani?"

"Ndiye kuti matilesi yakalimo?"

"Yakalimo. Uyo wafika, chimotoka choyela icho. Nigwile dzanja, mwana wanga, niimilile. Lelo wogonapo ndine."