Mbiri ya bambo amene anafunditsa msewu wonse

Malemu anabadwa pa 14 Malichi 1952, achiwiri m'banja la ana asanu. Sukulu anayamba mu 1959, ndipo aphunzitsi sanachedwe kuwadziwa, chifukwa chilichonse chomangidwa iwo ankachimasula, kaya loko, kaya wotchi ya ahedi. Mu 1972 anamaliza maphunziro a zoika ndi kukonza mapaipi. Sipanala sinkachoka m'thumba mwawo, n'chifukwa chake tonse tinkangowatcha a Sipanala.

Mu 1974 analembedwa ntchito pafakitale ya mabotolo ili kumapeto kwa msewu uno. Mu 1977 anakwatira mayi akhala apawa, n'kulowa m'nyumba za kuseri kwa fakitaleyo. Nyumbazo zinkazizira ngati mtsuko wa madzi. Nyengo yozizira ikafika, ana ankatsokomola mosinthana, khomo ndi khomo. Chinkawapweteka mtima malemu n'chakuti madzi oziziritsa makina ankatuluka akutentha n'kungotayidwa m'ngalande, nthunzi ili tolotolo. Opindula anali agalu okha, amene ankagona m'mbali mwa ngalandeyo.

Mu 1983, atawatopetsa mabwana ndi nkhani imodzimodzi, analoledwa kuti madziwo azidutsa m'mapaipi a pansi pa nyumba, n'kubwerera kufakitale atazizira. Poyamba anapyoletsa: makandulo anapindika okha, anthu n'kugona zitseko zili pululu. Atakonza, nyumba zonse, sukulu ya mkaka ndi chipinda cha makanda kuchipatala chathu chaching'ono zinafunda popanda kuyatsa nkhuni kapena makala.

Maliro si malo odzudzulirapo munthu, koma eni ake akanakhala pano akanayamba ndi iwo kuseka. Malemu anali ndi nsanje ndi kachipinda ka mipope yotsekulira madziwo. Kiyi ankayenda naye m'khosi, ndipo palibe wina ankadziwa wotsekula ndi uti, wotseka ndi uti. Ulendo wogona sankapita. Paukwati wa mwana wawo wamkazi anathawa anthu akuvina, akuti akangoona mapaipi. Tonse tinkafunsana kuti tsiku adzadwale, msewu uno udzatani. Akamwini awo, amene ndi telala, anapempha kangapo kuti awaphunzitse, koma ankayankhidwa kuti mpope si batani.

Mu Novembala chaka chatha malemu anayamba kudwala mtima. Kuzizira kutafika, mpweya unalowa m'mapaipi, madzi n'kusiya kuyenda. Msewu wonse unazizira, ndipo anamwino anayamba kupempha mabulangete m'makomo kuti afunditse makanda. Malemu anayesa kudzuka, miyendo inakana. Apa mayi anawauza mosapsatira kuti mutu umodzi susenza denga, ndipo makanda sangadikire kuti iwo achire.

Ana awo aamuna anawanyamula pampando mpaka kukachipinda kaja. Kumeneko anavula kiyi m'khosi n'kupatsa akamwini, nkhope atayang'ana kumbali. Anawaphunzitsa kugunditsa sipanala papaipi, khutu n'kuika pasipanalapo, kuti amve pamene mpweya watsekereza. Pophunzitsapo ankakalipa mpaka odutsa mumsewu kuima. Koma khutu lozolowera kulira kwa makina osokera silinachedwe kugwira, ndipo madzi anayambanso kuyenda.

Lachiwiri lapitali m'mawa, malemu anapempha kuti awakhazike tsonga. Anatsitsa mapazi opanda nsapato pasimenti kuti amve kufunda kwake. Kenako anati akawauze atelala kuti awonjeza kutentha pang'ono, achepetse. Akamwini atamva analira ndi chimwemwe, pakuti kwa a Sipanala kumeneko ndiye kunali kuyamikira. Masana a tsiku lomwelo bambo athu anatisiya. Tikulira, inde, koma sanapite ndi luso lawo kumanda.

Malemu asiya mayi, ana anayi, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, achemwali awo awiri, ndi akamwini amene tsopano nawonso ayamba kukana maulendo ogona. Tikuwapempha pamaso pa anthu onse kuti aphunzitse wina msanga.

Banja likuthokoza anamwino amene anawasamalira, anzawo a kufakitale amene anyamula bokosi, ndi inu nonse a mumsewu muno amene mwakhala nafe kuyambira tsiku loyamba.

Pitani bwino, a Sipanala. Makanda akugona mofunda. Mzimu wanu uuse mumtendere.