Kanjere Kamene Benedito Adasunga M'thumba la Malaya

Kale, m'masiku amene nkhondo idatibalalitsa ngati anapiye oona kabawi, ine ndi mng'ono wanga Benedito tidathawira ku Malawi wapansi, ndipo inu obadwa dzulodzuloli, amene mumakwera njinga zamoto kuchoka kuno ku Mualadzi mpaka ku Chifunde mukuimba nyimbo, simungadziwe momwe msewu womwewu unkaopsera. Musabalalike msanga, ana anga. Misa yatha koma dzuwa likadalipo, ndipo pali nkhani yomwe ndakhala ndikuibisa zaka zonsezi.

Ku Malawi kuja ndidapeza ganyu yotchetcha udzu pamalo ena ofufuzira za ulimi, ndipo ataona kuti ndine wosamala, adandilowetsa m'kati kuti ndizitsuka mabotolo m'labotale, muja inu a sukulu za kuno mumati laboratoriyo. Mkulu wa pamenepo adali mayi wina wamfupi, wa mawu otsika, tinkangowatchula kuti a Dotolo. Tsiku loyamba adandiimika pa chitseko chokhala ndi chizindikiro chachikasu, cha masamba atatu akuda ozungulira kadontho, nati:

"Bambo Firimino, moto mumaudziwa chifukwa umatentha, njoka mumaithawa chifukwa mwaiona. Koma zili muno sizinunkha ndipo sizipweteka pozigwira. Zimatulutsa cheza chosaoneka chimene chimalowa m'thupi n'kuwononga magazi mwakachetechete. Musayandikire popanda chifukwa, mukayandikira musachedwepo, ndipo pakati pa inu ndi izo pazikhala chotchinga."

Malamulo a m'nyumba imeneyo adali okhwima kuposa a ku seminale. Tinkavala magolovesi awiriawiri ndi chijasi choyera chomwe sichinkatuluka panja, ndipo pachifuwa tinkapachika kabaji komwe kankasunga kuchuluka kwa cheza chomwe munthu walandira. Kudya, kusuta, ngakhale kunyambita chala potsegula pepala, zonse zidali zoletsedwa. Potuluka tinkadutsitsa manja ndi nsapato pa kamakina kolira ngati nkhululu, ndipo kakalira mofulumira unkabwerera kukasamba mpaka katakhala chete. Masiku ano ndimakuonani mukupopera mankhwala m'munda ndi manja opanda magolovesi, kenako n'kumatafuna chimanga chootcha, ndimangoti kalanga ine.

Zoopsazo zidali za mitundu iwiri. Zina zidali zamadzi, m'timabotolo, zomwe ankazisakaniza ndi feteleza kuti aone momwe chimanga chikudyera chakudya m'nthaka. Zimenezo mphamvu yake inkatha yokha. Magolovesi, mapepala ndi mabotolo ogwiritsidwa ntchito tinkaziika m'migolo yolembedwa tsiku, n'kuzitsekera miyezi yambiri, ndipo a Dotolo akaziyeza n'kupeza kuti zazizira, ndipamene zinkatayidwa. Koma kudali china, chotsekeredwa mumphika wa mtovu wolemera moti amuna awiri ankaunyamula akubuula, chomwe ankawalitsira mbewu pofuna kupeza mitundu yatsopano. Chimenecho a Dotolo adandiuza kuti sichizizira msanga, munthu angathe kubadwa mpaka kumera imvi icho chikadali ndi ukali.

Nkhondo itatha, ntchito ya pamalopo nayo idatha. A Dotolo adasamutsidwa, ndipo pochoka adandipatsa makiyi a chipinda chija.

"Abwera anthu odziwa ntchitoyi kudzautenga mphikawu," adatero. "Asalowe wina aliyense, ngakhale mbale wanu."

Ndidadikira mvula yonse, koma sadabwere. Udzu udafika m'mawindo, anzathu onse akubwerera kuno kwathu, ndipo nanenso mtima udali utauluka kale. Tsiku lina Benedito adandipeza ndikumanga katundu.

"Achimwene, m'chipinda muja akuti muli migolo yopanda ntchito. Bwanji titengeko umodzi tizikasungira chimanga kwathu?"

Ndidamupatsa makiyi, ana anga. Ndi dzanja ili ndidamupatsa. Ndidangoti tenga mgolo watsopano womwe uli pafupi ndi khomo, ndipo za mphika sindidanene kanthu, poganiza kuti chinthu cholemera chotero angachifunirenji. Ine ndidatsogola ndi galimoto yonyamula obwerera, iye ndi mkazi wake Rozina adatsalira kuti abwere ndi ngolo ya mnzathu.

Sindidadziwe kuti Benedito adauona mphikawo n'kukumbukira alenje a mfuti za gogodela, omwe ankafuna mtovu wopangira zipolopolo. Adaukweza pangolo ndi mnzathu uja, adauswa ndi nyundo panjira, mtovuwo n'kuwapatsa alenje. Koma m'kati mwake adapezamo kanjere kachitsulo konyezimira, kochepa kuposa nyemba, ndipo adati kameneka n'kokongola, kayenera kuti n'kamtengo wapatali. Adakaika m'thumba la malaya, apa pamtima, n'kuyenda nako masiku onse a ulendowo. Akuluakulu adati safunsa adadya phula, koma iye akadafunsa yani, pomwe wodziwa ndidali nditatseka pakamwa?

Adafika kuno akusanza, ife n'kumati ndi madzi a m'njira. Adakhalako bwino masiku angapo mpaka adayamba kudula mitengo yomangira nyumba, koma kenako pachifuwa padatuluka chilonda chozungulira ngati wapsa ndi khala, tsitsi lidayamba kuthothoka lokha, m'kamwa mukutuluka magazi. Masiku amenewo chipatala chidali chisanaimenso bwino, osati ngati lero pomwe mumangokwera njinga n'kukapeza namwino. Tidampaka zitsamba, tidapemphera korona, koma chilonda chinkangolowa m'kati.

Tsiku lina masana ndidamupeza atagona pamphasa kuseri kwa chisakasa, adandikodola, natulutsa pansi pa mtsamiro kansanza komwe adakulungamo kanjereko.

"Achimwene, ndikafa kameneka mukagulitse, muthandize alamu anu. Ndidakapeza mumphika uja."

Ndidafunsa kuti mphika uti, ngakhale ndinkadziwa. Ndidakatsomphola ndi zala izi n'kukaponya m'chitini, ndipo taonani momwe zala ziwirizi zidapindikira, zikhadabo zake sizidamerenso. Ndidapachika chitinicho kunsonga ya nsungwi yaitali, ndidayenda nacho kutali ndi midzi, ndipo m'mbali mwa kamtsinje kouma, kuseri kwa chulu chachikulu, ndidakumba dzenje lofika m'chiuno, ndidachiponyamo n'kuunjikapo miyala. Kumeneko sikudali kutaya koyenera, ndinkadziwa, pakuti ku labotale chinthu chotero sichikwiriridwa ngati galu wakufa. Chimabwezedwa mumtovu, chimalembedwa, n'kutengedwa ndi akatswiri kupita kosungira kwake. Koma mtovu udali utasanduka kale zipolopolo.

Benedito adamwalira mvula isanagwe. Ndipo apa ndipamene pali tchimo langa lalikulu, mvetserani bwino. Pamaliro anthu adayamba kunong'onezana kuti matenda otere si a Mulungu, munthu sathothoka tsitsi ngati nkhuku yoviikidwa m'madzi otentha. Maso onse adatembenukira kwa Rozina, chifukwa adali wochokera kutali, tidakumana naye kothawira nkhondo, ndipo adalibe mbale womuimira. Nayenso adali atapita padera mwezi womwewo, pakuti ankagona pafupi ndi kanjere kaja, koma anthu adati wadya mwana wake, tsopano wadya mwamuna.

Rozina adabwera kwa ine m'mawa wina ndikunola khasu, adagwada patali.

"Alamu, inu mudagwira ntchito ndi anthu ophunzira. Simungawauze kuti ndilibe mlandu? Inu mumandidziwa."

Ndidayang'ana khasu. Ndinkaopa kuti ndikanena zoona adzati Firimino wapha mng'ono wake, adzandimanga chifukwa cha katundu wa eni, ndipo ndidzasowa pokhala m'mudzi womwe ndidaulirira zaka zonse za nkhondo. Ndidangoti, "Alamu, limbani mtima, zitha." Adadzuka, adasasa fumbi m'mawondo. Patapita masiku atatu adasenza kamtolo kake n'kulowera njira ya ku Zambia. Amati choipa chitsata mwini, koma changa chidatsata osalakwa awiri, ine n'kundisiya ndikalambe.

Rozina ndidamufunafuna patapita zaka, kudzera mwa akatekisiti ndi amalonda oyenda m'malire, koma palibe adamuonapo. Ndidaulula kwa ansembe, adandikhululukira m'dzina la Mulungu, koma amene ndidamulakwira sadamve kupepesa kwanga. Za mnzathu wa ngolo uja ndidangomva kuti adadwaladwala kwawo ku Nsadzo mpaka kumwalira, ndipo ngati chidali chomwecho kapena china, sindidziwa.

Kale malo ndidakwirirapo aja adali thengo loopsa, kopita alenje okha. Lero mitengo idatha ndi makala, minda yafika pachulu pomwe, ndipo sabata yathayi ndaona anyamata akukumba maenje ofuna golide m'kamtsinje komweko, mtunda woponya mwala kuchoka pa miyala yanga. Nawonso ogula zitsulo zakale akuzungulira m'midzi ndi masikelo awo, ana akutola chilichonse chonyezimira. Ndidapita kukanena kwa oyenera, adandimvera mwaulemu ndipo adalemba, koma adati makina oyezera ali kutali, tidikire. Ndikudikiranso, monga ndidadikirira nthawi ija, koma tsopano maso ayamba kufooka ndipo mawondo akukana.

Ndiye ana anga, sindikupemphani kuti mundimvere chisoni. Mukadzaona chizindikiro chachikasu cha masamba atatu, pachitseko, pamgolo kapena pachitsulo cholemera modabwitsa, musachigwire, musachiswe, musapite nacho kunyumba. Patukani, chenjezani anzanu, kauzeni akuluakulu. Ndipo mukadziwa chinthu chimene chingapulumutse mnzanu, nenani nthawi yomweyo, ngakhale chikuchititseni manyazi, pakuti madzi akatayika saoleka.

Mawa kukacha, awiri kapena atatu a inu mubwere ndi njinga mudzandikweze. Mutenge zikwanje tikadule minga, tikatchinge malowo mozungulira, patali ndithu, ndipo mukawaone ndi maso anu ine ndikadali moyo. Ndikapita osakuonetsani, sipadzakhalanso munthu wodziwa pomwe kanjere kaja kali.