Banga limene linali kumsana kwanga

Abale ndi alongo mwa Ambuye, moni nonse. Ine ndine telala wa pakhonde la sitolo ku Liwonde, ndipo ndikufuna kuchitira umboni za zala zangazi, zimene zinatsala pang'ono kundithera.

Ndiyambe ndi manyazi anga. Inali nthawi ya chipani chimodzi, pamene achinyamata a chipani ankaona makadi paliponse. Tsiku limene ndinalowa m'chipinda cha adokotala ku Balaka, ndinapeza achinyamata awiri ataima kukhoma, makope ali m'manja. Ine osafunsa, ndinapisa m'thumba n'kutulutsa khadi la chipani, poyesa kuti oona makadi afika mpaka m'chipatala. Adokotala anaseka mpaka kuvula magalasi. Anati amenewa ndi ophunzira zaudokotala, ndipo anandipempha kuti aphunzirire pa ine.

Mumtima ndinakana. Mmodzi anali mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga wachiwiri, ndipo kuvula malaya pamaso pa mwana sindinazolowere. Komanso ndinabwera kudzachira, osati kudzakhala bolodi la m'kalasi. Koma pakamwa panatuluka mawu akuti chabwino, poti masiku amenewo tinazolowera kuvomera.

Vuto langa linali dzanzi m'zala za dzanja lamanja. Singano inkandibaya osamva, ndinkangoona magazi pansalu ya mwini wake. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 2, kuwerenga ndinadziphunzitsa ndi nyuzipepala zokulungira sopo, ndiye ndinali nditadziyeza kale ndi kabuku kakale ka zaumoyo n'kupeza kuti magazi achepa. Ndinadya bonongwe mpaka mayi a kunyumba anadandaula, koma osasintha. Kuchipatala ndinali nditapitako kawiri, mzere uli wautali, n'kubwerako ndi asipirini. Tsiku lina ndinagwada pambali pa makina anga n'kufunsa kuti, Ambuye, zala zikapita ana anga adya chiyani?

Mtsikana uja sanapupulume. Anandifunsa mafunso mpaka ndinayamba kutopa, kenako anati, "Bambo, tembenukani ndione kumsana." Anatenga kathonje n'kundiuza kuti nditsinzine, ndinene ndikamva kukhudza. Ndinakhala duu kudikira kuti ayambe, osadziwa kuti wandikhudza kale katatu. Kumsanako kunali banga lotuwa limene ine sindikanaliona, ndipo mayi a kunyumba ankaliyesa chikanga. Adokotala anadzaliona, anagwira mtsempha wa pachigongono, n'kunena kuti ndi khate, koma lapezeka msanga.

Anandiyambitsa mankhwala, ndipo ndinamwa mosadumphitsa kwa nthawi yaitali. Lero zala zonse zilipo, ulusi ndimalowetsa ndekha pasingano. Kachala kakang'ono kokha ndi kamene kadakali kaulesi, kanatengera mwini wake.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandiyankha kudzera mwa munthu amene ndinafuna kumutulutsa panja. Inu amene mukudwala musaleke kupemphera, musalekenso kubwerera kuchipatala. Mukawapeza ana a makope aja musachite nawo manyazi, chifukwa iwo nthawi yoyang'ana ali nayo.

Che Amidu, amene tinayandikana nyumba, wogulitsa nsomba zouma za ku Chiuta, atamva nkhaniyi anandiyang'ana n'kupukusa mutu. Anati, "A Telala, mapepala onse a m'Liwonde muno mwawerenga, koma msana wanu wakuwerengerani ndi mwana wa eni. Mulungu ngwamkulu. Tsopano poti zala zilipo, mkanjo wanga uja mumalize."