Penti Yatsopano pa Kachitseko ka Mafuta

Pamalo omwetsera mafuta m'tauni ya Brebes, mawa lake kuli chikondwerero cha Idi, mzere wa galimoto zopita kumudzi unaima. Kutsogolo mwamuna wina ankalimbana ndi kachitseko ka thanki ya galimoto yake, ndipo bambo wachikulire anatsika m'galimoto yakumbuyo n'kumupeza.

"Achimwene, tidyera Idi pompano?"

"Pepani bambo, kakukana kutseguka. Ndakoka chotsegulira mpaka dzanja kuwawa. Kachitsiru aka!"

"Musatukwane, mwasala kudya. Kokaninso, ine ndikankhe kuno. Ayi, sikakusuntha. Mwapentetsa liti galimotoyi?"

"Dzana. Tikupita kwa apongozi, koyamba chikwatirane."

"Basi, pentiyo yamata kachitseko. Mubuti muli kachingwe kotsegulira, koma mutsitse katundu yense."

"Walongedza ndi mkazi wanga, matiresi n'kumangirira pamwamba. Mukumuona mmene akundiyang'anira? Kamuuzeni ndinu."

"Ine ayi, moyo ndimaufuna. Ndiye tidule pentiyo ndi kampeni, m'mphepete monsemu."

"Ikalika!"

"Ikalika, inde. Mafuta atsala ochuluka bwanji?"

"Nyale yayaka kalekale."

"Ndiye sankhani. Mukafike ndi kachipsera, kapena mukafike mukukankha galimoto yonyezimira, apongozi akuthandizani kumbuyo."

"Dulani. Koma pang'onopang'ono, bambo, chonde."

"Kokani tsopano. Eya, katseguka. Thirani, anthu akwiya."

"Mayo, taonani mmene yakalikira! Apongozi anga amayendera galimoto ngati akugula mbuzi. Ndikanena chiyani?"

"Musakanene kanthu. Mukaimike mbali imeneyi kukhoma. Galimoto yanga ija, apongozi anga mpaka anamwalira akudziwa mbali imodzi yokha."