Chithunzi cha Mayi Wogwada: Moyo wa Mayi Esitere Kaphamtengo

Malemu mayi Esitere Kaphamtengo anabadwa pa 9 Juni 1941 ku Bembeke, m'boma la Dedza. Sukulu analekezera Sitandade 5, koma luso lopeta nsalu limene anaphunzira kwa masisitere sanalisiye mpaka maso atafooka.

Anamanga ukwati woyera ndi bambo Aloysius mu 1962. Mu 1974 anawatsatira kuno ku Joni, nayamba ntchito m'makhitchini a azungu. Ife obwera pambuyo timakumbukira kachipinda kawo ka ku Alexandra. Aliyense wotsika sitima kapena basi pa Park Station wopanda kolowera ankafikira kumeneko, n'kulandira tiyi pamodzi ndi chidzudzulo.

Mu 1988, gulu la amayi a m'derali linasindikiza chithunzi chotsutsa nkhanza za m'banja. Chinkaonetsa mayi atagwada pamaso pa mwamuna wake. Ojambulawo ankatanthauza kuponderezedwa, koma mawu a m'munsi anali a Chingelezi, ndipo ambiri a ife tinkangowerenga chithunzicho. Kwathu kugwada ndi ulemu. Abambo ena anachikhoma m'nyumba ngati satifiketi! Mmodzi, mwamuna wa mayi Mwanasha oyandikana nyumba ndi malemu, ankati akawamenya n'kuwalozera chithunzicho kuti aphunzire khalidwe.

Malemu zinawawawa kwambiri. Anapita ku gululo kukafotokoza kuti chithunzicho chikupha anthu amene chimafuna kuwapulumutsa. Ataona kuti sakumvedwa, anatenga nsalu ya matebulo n'kupetapo mayi ataimirira, mwana kumbuyo, chitseko atachifulatira. M'munsi anasokapo liwu limodzi lokha la kwathu, lakuti basi. Anaiyanika pachingwe masana, moyang'ana khomo la a Mwanasha. Patatha masiku atatu, mayiwo anagogoda kwa malemu, diso lili lotupa, ndipo anakhala nawo miyezi isanu.

Malemu anayamba kudwala shuga mu 1991, ndipo anatisiya Lachiwiri pa 17 Ogasiti 1993. Asiya amuna awo, ana anayi ndi zidzukulu zisanu ndi ziwiri.

Banja likuthokoza mpingo, Amalawi onse a ku Alexandra, makamaka mayi Mwanasha, amene anawadwazika zaka ziwiri zathunthu. Akhala apowa, pafupi ndi bokosi, amoyo.

Mayi athu, mwagwira ntchito. Mzimu wanu uuse mumtendere.