Makina odziwiratu chilala

Pamzere wodikira chimanga cha thandizo ku Malowera, mayi Palmira a ku Chiputo anapinda thumba lawo lopanda kanthu n'kulikhalira. Bambo wina wachilendo, wailesi ili pakhutu, anawatembenukira.

"Mwamva, mayi? Akuti kunjaku apanga komputadori yodzaza nyumba yonse. Imawerengetsa mitambo ndi mphepo, n'kudziwiratu chilala anthu asanagwire n'komwe khasu."

"Ndinamva kale, bambo. Chilala chinochi akuti ina yotero inachiona ife tikukolola chaka chatha."

"Nanga bwanji simunasunge chimanga?"

"Anatiuza ndani? Kwathu foni sigwira. Amene anamva ndi ogula mbewu a m'tauni. Anabwera ndi magalimoto pamsewu womwe uja amati ndi woipa, n'kugula ngakhale chofumbwa. Ife tinkati mwayi watigwera. Nkhokwe yanga ndinaikokolola ndekha, uku ndikuseka."

"Pepani. Komatu akuti yatsopanoyi ndi yamphamvu kuposa yakale, siphonya."

"Yakaleyonso sinaphonye."

"Nanga ana ali bwanji kunyumba?"

"Wamng'ono tinamuika m'manda Lachiwiri. Poti makinawo amadziwiratu zonse, kwezani wailesiyo, bambo. Mwina anena za wamkuluyo."